Kumuchitira zonse wodwala: ndi chifundo kapena tikumulanda?



Lero ndabwera ndi funso lomwe ukangolimva koyamba limamveka ngati lamwano. Tiyerekeze kuti bambo ako, mayi ako kapena agogo ako agwidwa ndi sitiroko, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zafooka. Iwe monga mwana woleredwa bwino ukuwadyetsa, ukuwasambitsa, ukuwaveka, ngakhale kapu ya tiyi ukuwagwirira pakamwa. Kodi ilipo nthawi yomwe chithandizo chotere chimasanduka kuwalanda kanthu kena? Ine ndikuti ilipo, ndipo imafika msanga kuposa mmene ambirife timaganizira. Chomwe chandifikitsa pa maganizo amenewa ndi njira zina zolimbitsira thupi zomwe azachipatala akugwiritsa ntchito pothandiza akuluakulu odwala matenda a ubongo ndi mitsempha, njira zofuna kuti maganizo ndi thupi zigwirire ntchito limodzi. Tione kaye mmene zimagwirira ntchito, kenako zomwe zikutiuza ifeyo osamalira odwala.

Tiyambe ndi matendawo. Sitiroko imabwera mtsempha wopititsa magazi ku ubongo ukatsekeka kapena ukaphulika, ndipo kachigawo ka ubongo komwe kasowa magaziko kamayamba kufa m'mphindi zochepa chabe. Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira thupi la kumanja, ya kumanja nkumalamulira la kumanzere. Nchifukwa chake munthu amafooka mbali imodzi. Mkonowo pawokha sunavulale ayi. Mafupa ali bwinobwino, minofu ilipo, chomwe chaduka ndi uthenga wochokera kumutu. Kumudzi ena amathamangira kunena kuti wamenyedwa hamala, abale nkuyamba kulozana zala, pomwe gwero lalikulu ndi BP yokwera yomwe sinayezedwepo, kapena yomwe mwini wake adasiyira mankhwala panjira. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa nkomwe. Ndiye ambiri a ife tidzakhalapo magadiyani tsiku lina, ngati sitinakhale kale.

Chopatsa chiyembekezo nchakuti Allah adaulenga ubongo moti umatha kuphunziranso. Zigawo zomwe zatsala zamoyo zimatolako ntchito ya chigawo chowonongekacho, nkutsegula njira zatsopano zodutsa uthenga. Koma zimatero pokhapokha ntchitoyo ikamayesedwa mobwerezabwereza, kambirimbiri. Zili ngati kanjira ka kudambo: kakamapondedwa kamaoneka, kakasiyidwa dzinja limodzi kamamera udzu. Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ngakhale munthu amatha kupitabe patsogolo pambuyo pake. Tsono akatswiri a mafizo kuno kwathu ndi ochepa. Maphunziro a digiri ya mafizo adayamba mu 2010 ku College of Medicine, ndipo malo ngati Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, komwe odwala amagonekedwa kuti aphunzirenso kuyenda, sangakwanire dziko lonse. Wodwala akaonana ndi wamafizo ndi ola limodzi mwina, maola ena onse ali nafe kunyumba. Miyezi yofunikayo imathera m'manja mwathu.

Katswiri wina wa ku America, Edward Taub, adafotokoza chinthu chomwe gadiyani aliyense ayenera kuchidziwa. M'masabata oyamba munthu akayesa kugwiritsa ntchito mkono wofookawo amalephera: supuni imagwa, phala limatayika, manyazi amamugwira. Akagwiritsa ntchito mkono wabwinowo zimayenda. Posakhalitsa ubongo umaphunzira kuti mkono uwu ngosathandiza, ndipo umausiya ngakhale pamene mphamvu zayamba kubwerera. Kulumala kwina, ndiye kuti, kumachita kuphunziridwa. Pofuna kuthana nazo, Taub ndi anzake adayambitsa njira yoveka dzanja labwinolo chinthu chonga golovesi yokhuthala kuti wodwala akakamizike kugwiritsa ntchito lofookalo. Kafukufuku wotchedwa EXCITE, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2006, adatenga anthu 222 omwe adadwala sitiroko miyezi itatu mpaka isanu ndi inayi m'mbuyomo ndipo ankathabe kugwedeza pang'ono zala ndi dzanja. Omwe adachita zimenezi kwa masabata awiri adayamba kuugwiritsa ntchito mkonowo bwino kuposa anzawo, ndipo patatha chaka phindulo lidalipobe. Tsono taganizani: ngati dzanja labwino la mwini wake limatha kutsekereza lofookalo, nanga bwanji manja athu awiri athanziwa, omwe amafika pa kapu iye asanayese nkomwe?

Tibwere ku njira zomwe ndatchula poyamba zija. Yodziwika kwambiri ndi tai chi, yochokera ku China, yomwe mbiri yake imalozera kumudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan. Idayamba ngati luso lomenyera, la mtundu wa kung fu, koma ukaona anthu akuchita lero ungati akuvina mosafuna. Munthu amaima mawondo atapindika pang'ono, nkusamutsa kulemera kwa thupi kuchoka pa phazi ili kupita pa linalo pang'onopang'ono, manja akuyenda mozungulira, mpweya ukulowa ndi kutuluka modekha, maganizo onse ali pa zomwe phazi likumva pansi. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine idasindikiza kafukufuku wa Fuzhong Li ndi anzake a ku Oregon. Adatenga anthu 195 odwala Parkinson, matenda aja onjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi, nkuwagawa patatu: ena tai chi, ena masewera olimbitsa minofu ndi zolemera, ena kungodziwongola. Gulu lililonse linkakumana kawiri pa sabata, ola limodzi, kwa masabata 24. A tai chi ndiwo adaposa anzawo pa kutha kupendekera kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali osagwa, ndipo ankagwa kochepa poyerekeza ndi ongodziwongola aja. Kugwa si nkhani yaing'ono kwa munthu wamkulu. Kuthyoka m'chiuno kamodzi kokha kumatha kumugoneka mpaka kalekale.

Zimatheka bwanji? Parkinson imapha tizigawo ta ubongo totulutsa dopamine, ndipo chomwe chimaonongeka kwambiri ndi kuyenda kosaganizira, kuja timayenda tikucheza pa foni osawerengera mapazi. Wodwala akaika maganizo ake pa sitepe iliyonse amakhala ngati wadzera njira yolambalala pomwe mlatho wakokoloka. Nchifukwa chake ena amene miyendo yawo imangoti nji pakhomo amatha kuyambanso kuyenda akamawerenga mokweza, kapena akaona mzere wojambulidwa pansi woti aulumphe. Kuchedwa kwa tai chi kumapatsa maganizo mpata wolondola phazi.

Palinso njira zina zoonetsa poyera kuti maganizo ali ndi gawo lawo. Mu 1995 Alvaro Pascual-Leone ndi anzake adaphunzitsa anthu athanzi kuliza piyano ndi zala zisanu, maola awiri pa tsiku kwa masiku asanu. Ena ankalizadi, ena ankangoganizira kuti akuliza, zala zili phee. Atawayeza, adapeza kuti chigawo cha ubongo cholamulira zalazo chidasintha mofananako m'magulu onse awiri, ngakhale olizadi aja ndiwo ankaliza bwino. Lero odwala sitiroko ena amaphunzitsidwa kutsinzina nkudziona akutambasula dzanja, kugwira kapu ndi kuikweza, asanayese zenizenizo. Njira ina ndi ya galasi, yomwe V. S. Ramachandran adayamba kuigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1990 pa anthu odulidwa mkono, kenako idayesedwa pa a sitiroko. Umaimika galasi patebulo, dzanja lofooka kuseri kwake, labwino kutsogolo. Ukamagwedeza labwinolo uku ukuyang'ana m'galasimo, maso amauza ubongo kuti lofookalo likuyenda. Galasi wamba logula pamsika limakwana. Yoga, yochokera ku India, nayonso ikugwiritsidwa ntchito itasinthidwa kuti ichitikire pampando kapena pamphasa, makamaka pa kapumidwe, kudziwongola ndi kuchepetsa nkhawa, ngakhale kafukufuku wake pa odwala sitiroko akadali wa anthu ochepa.

Tsono onani chomwe njira zonsezi zikufanana. Jakisoni mutha kumubaya munthu ali mtulo, diripi imalowa olo atakomoka. Koma palibe amene angaganizire m'malo mwa mnzake kuti dzanja likutambasuka, palibenso amene angawamvere bambo ake phazi likaponda pansi. Mankhwala amenewa amagwira pokhapokha mwini thupi alipo ndi mtima wake wonse, ndipo chomwe amafuna kwa ife apambali ndi nthawi. Apa ndi pomwe nkhani ya chipatala yasanduka nkhani ya khalidwe. Tidazolowera kuyeza chikondi ndi kuchuluka kwa zomwe tamuchitira munthu. Matenda awa akutifunsa ngati tingathe kukhala pambali pa munthu amene timamukonda, manja tapinda, tikumuona akulimbana ndi chinthu chomwe ife tikadachimaliza m'masekondi asanu.

Ndidaziona ndi maso anga kwa amalume anga, omwe sitiroko idawagwira mbali ya kumanja. Wamafizo adatiuza kuti mabatani a malaya azimanga okha, ife tizingokhala pafupi. Lachisanu lina akukonzekera kupita ku Jumu'ah, batani limodzi lidawatengera mphindi zingapo: likalowa theka nkutulukanso, thukuta lili chuchuchu. Mayi ena oyandikana nawo nyumba, omwe adabwera kudzazonda matenda, adalephera kupirira.

"Iwe mwana iwe, ulibe chisoni? Amalume ako akuvutika chonchi iwe uli phee?"

Ndisanayankhe, amalume adadzutsa mutu nkunena ndi lilime lawo lolemeralo: "Musiyeni mwanayo, mayi. Batani ili ndi langa."

Litalowa sadanene kanthu, adangolisisita ndi chala nkuyamba lachiwiri. Awiri a m'munsi ndidawamangira ine, poti nthawi ya khutba inali itayandikira ndipo adandiuza okha kuti ndimalize.

Komatu mayi aja sindikuwaweruza. Adalankhula zomwe tonse tidaleredwa nazo, ndipo zili ndi maziko. Kwathu kuno mwana woonerera kholo likuvutika amatchedwa wopanda mwambo, ndipo Chisilamu chidaika kuchitira zabwino makolo pamalo apamwamba kwambiri, makamaka akakalamba. Munthu atha kunena kuti: wamkuluyu wagwira ntchito moyo wake wonse, pano wadwala, ndiye tizimulembetsa mayeso a mabatani ngati mwana wa ku nazale? Msiyeni apume, atumikiridwe, ndi nthawi yake. Wina atha kuonjezera kuti kudikira nkwa anthu okhala ndi nthawi. Mayi amene ayenera kukagulitsa tomato kumsika, kuphika, kutunga madzi ndi kusamala ana sangakhale theka la ola kudikira supuni ifike pakamwa. Mfundo ziwirizi nzolemera, ndipo aliyense wolankhula za kudekha asanagonepo pansi m'wodi ngati gadiyani ayambe wazimva kaye.

Komabe tidzifunse: tikathamangira kumuchitira, tikupeputsa mavuto a ndani? Nthawi zina ndi ake, ndipo pamenepo tachita bwino. Koma kawirikawiri chomwe chikutipweteka ndi kuonererako. Dzanja lonjenjemera la bambo limatikumbutsa kuti munthu amene ankatinyamula uja wafooka, ndiye timafuna zichoke msanga pamaso pathu. Pena timaopa pakamwa pa aneba, pena tikungofuna mbale zitsukidwe basi. Zonsezi nzaumunthu, koma wolipira mtengo wake ndi wodwalayo. Lero wataya batani, mawa supuni, mwezi wamawa sakufunsidwanso kuti avala malaya ati, ndipo alendo akabwera amafunsa ife kuti "agona bwanji?" mwini wake ali pomwepo akumva. Munthu atha kukhala wosamba, wokhuta, wofunda bwino, koma alibenso mawu pa moyo wake womwe. Kulemekeza kholo kumaphatikizapo kulisiyira zomwe likuthabe, ndi mpata wa zomwe lingadzathenso.

Pamenepa ndimaphunzira zambiri pa mmene Chisilamu chimachitira ndi wodwala pa nkhani ya Swala. Munthu wodwala matenda osayembekezeka kuchira atha kutuma wina kukamuchitira Hajj. Wosatha kusala Ramadhan mpaka kalekale amapereka fidya, kudyetsa osauka. Koma Swala zisanu palibe womuswalira munthu wamoyo amene nzeru zake zili bwino. Chomwe chimasintha ndi kachitidwe kake. Swahaba Imran ibn Husayn (RA) atadwala adafunsa Mtumiki (SAW) za kaswalidwe kake, ndipo chilamulo chomwe tikutsata mpaka lero chimachokera pamenepo: wolephera kuima aswali atakhala pansi, wolephera kukhala aswali atagona cham'mbali. Wosatha kufika pansi pa sijida amaweramitsa mutu mmene angathere, ndipo amene madzi akumuvulaza amachita tayammum. Lamulo limatsika mpaka kufika pamlingo wa mphamvu zake, koma silimuchotsa m'gulu la ochita. Ine ndimaona ulemu waukulu pamenepo. Ngakhale Mtumiki (SAW) mwini wake, pa matenda ake omaliza, adatuluka kupita mumzikiti atagwiriziridwa ndi amuna awiri, mapazi akukhwekhwereza pansi. Awiriwo adamufikitsa pamalo, koma woswali anali iye mwini. Chithandizo chabwino chimaoneka choncho.

Ndisamveke molakwa apa. Swala ndi ibada, sitiswali kuti tilimbitse mawondo, ndipo siilowa m'malo mwa mafizo. Chomwe ndikutolapo ndi mfundo yake, yoti kufooka kwa thupi sikumufafaniza munthu. Ndiponso ife Asilamu sitiyenera kudabwa tikamva kuti kuyendetsa chiwalo maganizo ali pompo nkosiyana ndi kuchiyendetsa maganizo ali kwina. Tonse tikudziwa kusiyana kwa ruku ya munthu amene mtima wake uli pa Swala ndi ya amene thupi lawerama koma mutu ukuwerengera ngongole.

Ndikudziwa kuti ena mwaima kale pa mawu oti tai chi ndi yoga, ndipo funso lanu ndi loyenera. Yoga ili ndi mizu m'chipembedzo cha Chihindu, pomwe tai chi imafotokozedwa ndi chiphunzitso cha Tao cha ku China. Ma ulama sadakhale chete. Mu Novembala 2008 bungwe lopereka fatwa la dziko la Malaysia lidaletsa Asilamu kuchita yoga, poona kuti imasakaniza kulimbitsa thupi ndi mawu a mapemphero a Chihindu. Mu Januwale 2009 bungwe la ma ulama la ku Indonesia, MUI, lidasiyanitsa: yoga yokhala ndi mapemphero ndi miyambo yachipembedzo lidati ndi haraam, yongolimbitsa thupi lidailola. Ku China komweko Asilamu a mtundu wa Hui akhala akatswiri a maluso omenyera kwa zaka mazana. Wang Ziping, yemwe adabadwa mu 1881 nkumwalira mu 1973, anali Msilamu wotchuka pa maluso amenewa, komanso ankathandiza anthu ovulala mafupa. Kwa ine malire ndi oonekeratu: mawu opembedza china chake, kugwadira dzuwa kapena fano, zimenezo ayi. Koma kusamutsa thupi kuchoka phazi ili kupita linalo, kupuma modekha ndi kuika maganizo pa dzanja, izi nza aliyense amene Allah adamupatsa thupi. Amene mtima ukumukayikitsa afunse a Sheikh ake, atawafotokozera ndendende zomwe wamafizo wanena. Ndipo kunena zoona, ambirife ku Mangochi, ku Machinga kapena ku Nkhotakota sitidzakumana naye mphunzitsi wa tai chi. Tidzakumana ndi kapepala ka wamafizo konena kuti aimirire atagwira mpando, atsamire kumanzere, atsamire kumanja, kakhumi.

Mfundo yangayi ili ndi malire ake, ndipo kuwaiwala nkoopsa, chifukwa kukakamiza nakonso kumavulaza. Kafukufuku wamkulu wa AVERT wa 2015, wa odwala oposa 2,000, adapeza kuti kuwadzutsa ndi kuwayendetsa kwambiri m'maola 24 oyambirira a sitiroko kudachepetsa mwayi wochira bwino poyerekeza ndi chisamaliro cha masiku onse. Mkono wofooka sukokedwa pomudzutsa munthu, poti phewa limatha kuguluka. Amene akutsamwa pomeza sayesedwa ndi nsima yolimba. Ameneyo aonedwe kaye kuchipatala. Njira yoveka golovesi dzanja labwino ija si yoyamba wekha kunyumba. Woyeserera kuima pakhale munthu pambali pake, kumbali yofookayo. Tai chi, galasi ndi zonsezi sizilowa m'malo mwa mankhwala a BP, a shuga kapena a Parkinson. Ndipo alipo ena omwe ubongo udaonongeka kwambiri moti mkono sudzabwereranso olo atayesa bwanji. Amenewo kuwadyetsa ndi kuwasambitsa ndiye chifundo chenichenicho, ndipo malipiro ake kwa Allah ndi aakulu.

Choopsa china nchakuti mawu oti "azichita okha" atha kukhala pobisalira ulesi wathu. Kuwasiya agogo ndi mbale ya phala iwe nkupita kukaonera mpira, kumeneko nkutaya munthu. Kudikira komwe ndikunena pano nkotopetsa kuposa kuwachitira: umakhala pomwepo, foni waika pansi, ukuonetsetsa kuti asatsamwe, asagwe, ukudziwa nthawi yoti ulowererepo. Komanso tisamafulumire kuwatchula aulesi odwala amene sakufuna kuyesa. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse odwala sitiroko amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa, ndipo kutopa kwawo nthawi zambiri kumachokera ku matendawo. Zimenezi nzokawauza adokotala, kukalipa sikuthandiza. Pa nkhani ya kusowa nthawi ija, gawo lalikulu la yankho lili ndi ife anyamata. M'makomo ambiri ntchito yonseyi imagwera mayi kapena mlongo mmodzi, ife nkumabwera madzulo kudzafunsa kuti "zikuyenda?" Mphindi 20 pambuyo pa Asr, kuyenda ndi bambo kuchoka pakhonde kukafika pa mtengo wa mango nkubwerera, tsiku ndi tsiku, ndi ntchito yoti mnyamata aliyense angaikwanitse.

Latsala funso lovuta kuposa onse: nanga ngati sadzachira? Parkinson imapitirira kukula. Tai chi imathandiza kuima bwino koma siichiritsa. Ndiye phindu la kuvutika konseku nchiyani? Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira Muhammad Ali. Adapezeka ndi Parkinson mu 1984 ndipo adakhala nayo zaka 32, mpaka kumwalira kwake mu 2016. Mu 1996 ku Atlanta adapatsidwa muuni woti ayatse moto wa masewera a Olympics, dziko lonse likuonera. Mkono wake wamanzere unkanjenjemera moonekeratu, ndipo motowo udachedwa kugwira. Padali anthu ambiri athanzi pafupi omwe akadayatsa mosavuta, koma palibe adamulanda muuniwo. Usiku umenewo sadachire, m'mawa mwake adadzuka akunjenjemerabe, koma ntchito yomwe adapatsidwa adaigwira ndi dzanja lake. Phindu la kuyesa silithera pa kuchira kokha. Ife timakhulupirira kuti thupi ndi amana, munthu amafunsidwa pa zomwe anali nazo mphamvu, ndipo zotsatira zili kwa Allah. Tawakkul imayendera limodzi ndi kuchita zomwe ungathe. Wodwala amene lero wakweza dzanja kufika pachifuwa pomwe dzulo limathera pamchombo wachita mbali yake, ngakhale litadzathera pomwepo.

Tsono tichite bwanji? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Funsani wamafizo akuuzeni zomwe wodwala wanu angayese yekha ndi zomwe asayese, ndipo muzilembe. Sankhani ntchito imodzi kapena ziwiri zomwe mwini wake akuzifuna, kaya kusamba m'manja pa wudhu, kugwira tasbih kapena kusaina dzina lake, nkuzipatsa nthawi yake yosapikisana ndi china chilichonse. Zimitsani wailesi pa nthawiyo, poti maganizo ogawanika salondola dzanja. Alendo akabwera, asiyeni odwalawo ayankhe okha moni, olo mawu atachedwa kutuluka. Ndipo musanatambasule dzanja lanu, funsani kaye: "Ababa, ndikuthandizeni kapena ndidikire?" Tsiku lina adzati ndithandize, ndatopa, ndipo muwathandize osawachititsa manyazi. Tsiku lina adzati dikira. Funso limeneli palokha limawabwezera chinthu chomwe matenda adawalanda, chomwe ndi kukhala ndi mawu pa thupi lawo.

Sabata ino tiwaperekezenso makolo athu kukayezetsa BP, ndipo tikadzaona pakamwa pa munthu papotoka mwadzidzidzi, mkono wagwa kapena mawu akusokonekera, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Allah awapatse shifaa odwala athu onse, awapatse mphamvu amene akuwasamala usiku ndi usana, ndipo ife atipatse nzeru zodziwa nthawi yogwira ndi nthawi yodikira. Ameen.